Mawu a ku Mwanza ajambulidwe ndi eni ake

Mawu a mlendo wolemekezeka potseka maphunziro a achinyamata ojambula mawu pa boma la Mwanza



Munthu ataima pa chipata cha pamalire cha Mwanza m'mamawa n'kutseka maso, makutu okha angamuuze pamene ali. Mathiraki ochokera ku Beira ndi ku Joni amafwenthera mpweya wa mabuleki, fyuu! Osintha ndalama amaitanira makwacha, mametikashi ndi marandi. Amayi a manachesi amathamangira basi isanaime n'komwe, aliyense akutchula mtengo wake. M'kanthawi kochepa khutu limatola Chichewa, Chinyungwe, Chipwitikizi ndi Chishona cha madalaivala. Ku Mchinji ndi ku Songwe nakonso kuli zipata, koma sikumveka chonchi. Phokoso limeneli ndi la Mwanza yekha, ndipo ndi limene achinyamata awa aphunzira kuligwira.

Ntchito imeneyi si yachilendo m'dziko muno, kungoti amene anaiyamba anali alendo. M'chaka cha 1950, kenako mu 1957 ndi 1958, Hugh Tracey anayenda m'midzi ya Nyasaland ndi galimoto yodzaza makina. Anali Mngelezi amene anakhala nthawi yaitali ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Magetsi ankachita kuyenda nawo pa jenereta. Maikolofoni ankaigwira m'manja, akuzungulira pakati pa oimba, kuisendeza kwa mwini bangwe, kenako kwa oyankha nyimbo. Akamaliza ankawaseweretsera zomwe wajambula, ndipo kwa ambiri kanali koyamba kumva mawu awo akutuluka m'makina. Chinthu china chimene anachita bwino n'chakuti ankalemba pa khadi malo, chilankhulo ndi dzina la woimba kapena la gulu lake. Mu 1954 anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music, imene kuyambira 1978 ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Mawu a agogo a ku Malawi kuno ali m'mashelefu a kumeneko mpaka lero.

Patapita zaka pafupifupi 60, mawu aja anadzuka. Mu 2016 kunatuluka chimbale chotchedwa Beating Heart Malawi. Okonza nyimbo za makono, ena mwa iwo gulu la Rudimental la ku London ndi Sonye wa kuno kwathu, anapatsidwa zojambula za Tracey kuti aumbe nazo nyimbo zatsopano. Wina ankadula kachidutswa ka mawu a mayi woimba n'kukabwereza kambirimbiri pamwamba pa ng'oma za pakompyuta. Wina ankatenga kulira kwa nsambo imodzi n'kukutambasula. Achinyamata a ku Ulaya anavina nyimbo zimene maziko ake anaikidwa ndi anthu a m'midzi muno dziko lisanalandire ufulu.

Kunja kuno ntchitoyi yakula, ndipo sikhudza nyimbo zokha. Ku Oxford, Stuart Fowkes anayambitsa Cities and Memory mu 2014. Ndi mapu a dziko lonse a pa intaneti, ndipo malo aliwonse oikidwapo amakhala ndi mawu awiri: oyamba ndi momwe malowo amamvekera, kaya ndi msika, doko kapena nkhalango, achiwiri ndi zomwe waluso wina wapanga kuchokera ku mawu omwewo. Maiko oposa 100 ali pamapupo. Chosangalatsa pa dongosolo limeneli n'chakuti chatsopano sichimeza chakale. Womvera amatha kumva zonse ziwiri n'kudziweruzira yekha ngati waluso uja walemekeza malowo kapena wangowadyera masuku pamutu.

Kudyerana masuku pamutu kumachitikadi. Cha m'ma 1970, katswiri wina dzina lake Hugo Zemp anajambula mayi wotchedwa Afunakwa wa ku zilumba za Solomon akuimba nyimbo yotonthoza mwana. Mu 1992 Afalansa awiri a gulu la Deep Forest anatenga mawu a mayiyo, kuwaika pa zida za makono, ndipo chimbale chawo chinagulidwa ndi anthu mamiliyoni. Nyimboyo inafika mpaka m'zotsatsa malonda. Dzina la Afunakwa silinalembedwe pachimbalecho. Zinafika poti anthu ambiri ankayesa kuti nyimboyo ndi ya pakati pa Africa, pomwe mwini wake anali pa zilumba za m'nyanja ya Pacific. Nkhani imeneyi imawawa, chifukwa mayiyo akanatha kukhala wa ku Thambani kapena wa ku Kunenekude. Mawu ake anazungulira dziko, mwiniwake atatsala m'mbuyo wopanda dzina.

Koma pafupi pomwe pano pali chitsanzo cha njira ina. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi anyamata awiri apachibale, Daniel ndi Donald Kachamba, akuimba m'misewu ya Blantyre. Sanangowajambula n'kuchoka. Anakhala bwenzi la banjalo ku Chileka, anaphunzira kuimba nawo, ndipo maina a Kachamba anadziwika kunja chifukwa ankayenda limodzi ndi nyimbo zawo. M'mudzi womwewo wa Singano munatuluka Moya Aliya Malamusi, Mmalawi amene anagwira yekha makina ojambulira, nayenda m'Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi maiko ena, n'kukhazikitsa malo osungira nthano, nyimbo ndi zida kwawo komweko. Kuchokera pano kupita ku Chileka ndi ulendo wa maola ochepa chabe. Achinyamata awa akapite akaone kuti nkhokwe yotere imatheka m'mudzi.

Nanga ku Mwanza kuli chiyani chojambula? Kuli zambiri, ndipo zina zikutha anthu akuona. Mtondo ndi chimodzi. Amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi, misi imalowa mosinthana, uwu ukukwera uwo ukutsika, du, du, du, osagundana. Wachitatu akalowerera, kugunda kumasintha, ndipo nyimbo imadzipezera malo pakati pa misiyo. M'nyimbo za pamtondo ndimo amayi ankanenera zakukhosi, za mwamuna wosabwerera ku Joni, za apongozi ovuta. Lero chigayo chalanda ntchitoyo. Palibe angadandaule kuti amayi apumula, koma nyimbozo zikupita pamodzi ndi agogo amene ankazidziwa.

Kuli ngoma ya Angoni, ndi kugunda kwa mapazi kumene kumamvekera m'nthaka. Kuli sitima ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, imene agogo sanaimvepo ali ana koma ana a lero akukula nayo. Kuseri kwa malire, ku Tete, kuli gule wa nyanga wa Anyungwe, amene Andrew Tracey, mwana wa Hugh, anamulemba mu 1971: woimba aliyense amakhala ndi zitoliro zake zochepa, amauzira, amaponyamo liwu, akuponda ndi masewe kumiyendo, ndipo nyimbo yathunthu imatuluka pokhapokha onse akalumikizana. Kuli mvula yoyamba pa denga la malata. Kuli mbalame za m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza mbandakucha, zimene zikucheperachepera pamene mitengo ikuthera ku makala.

Zida zake si zovutanso ngati za nthawi ya Tracey. Foni yam'manja ikukwana kuyambira. Chofunika ndi kuleza mtima: kuphimba maikolofoni kuti mphepo isawombemo, kuima chilili osasuntha mapazi, kujambula kwa mphindi zingapo osati kungogwira n'kusiya, ndi kunena poyamba tsiku, malo ndi amene akumveka. Wojambula wabwino amayamba wapita kwa mfumu, amafotokoza cholinga chake, amapempha chilolezo kwa oimba. Akauzidwa kuti ichi n'cha kudambwe kapena cha kutsimba, sichituluka, amazimitsa foni osanyinyirika. Akamaliza ntchito amabwerera kumudziko ndi kope, kuti eni ake akhale nalo.

Ndipo amene akufuna kusakaniza mawuwa ndi zida za makono, asakanize ndithu. Phokoso la pa chipata lingathe kukhala maziko a nyimbo yovinidwa ku Lilongwe ndi ku Maputo. Koma dzina la gogo amene mawu ake ali m'nyimbomo lilembedwe, choyambirira chisungidwe pambali pa chatsopanocho, ndipo ngati papezeka kangachepe, gawo lake limufikire. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza za chikhalidwe cha makolo, ndipo wofuna kuchita nazo malonda ayenera kutenga chilolezo. A COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, alipo kuti awongolere achinyamata pa zimenezi, ndipo ndi bwino kuwafunsa nyimbo isanatuluke.

Pempho likupita kwa a khonsolo kuti apeze chipinda, ngakhale chaching'ono, chokhala ndi kompyuta imodzi yosungira zojambulazi pano pa boma, pomwe mphunzitsi kapena mwana wa sukulu angafike n'kumvera. Kwa mafumu, pempho n'lakuti achinyamatawa akafika ndi mafoni awo muwalandire, ndipo muwalozere agogo amene akudziwa nyimbo zakale pomwe akadali ndi mphamvu zoimba.

Wapampando, maphunziro a achinyamata ojambula mawu atsekedwa.