Kuthandizana pa Foni Posamutsa za m'Kompyuta



Lero tikambe za nchito imene yadanitsa anthu ambiri pachibale. Masiku ano makalabu ena a alimi ndi mafumu ena amasunga maina a anthu, ngongole za feteleza ndi nkhani za malire a minda m'kompyuta ya m'manja yochedwa laputopu. M'kati mwake muli kachipangizo kochedwa hard disk, kapena kuti disiki, ndiko nkhokwe ya zonse zolembedwazo. Disiki ikakalamba iyamba kuchedwa, ndipo tsiku lina ingoleka osatsazika. Chifukwa chake munthu wanzeru agula ina nakoperamo zonse nthawi isanathe. Nchito imeneyi amisiri amati cloning.

Tsono bvuto ndi ili. Wodziwa nchitoyi kawirikawiri ali kutali, kapena mwana wanu wa ku Blantyre kapena mphwanu wa ku Johannesburg, ndipo akulangizani pa foni. Iye sakuona chimene inu mukuona. Afunsa kuti, "Yalemba chiyani?" inu muyankha kuti, "Yangokana." Iye apsa mtima, inunso mupsa mtima, mayunitsi a Airtel kapena TNM nkumatha. Pomaliza wina adina pamene sanauzidwe.

Mvetsani kuopsya kwake. Pokopera pakhala madisiki awiri: yakale imene muli zinthu zanu, ndi yatsopano yolandira. Yolandirayo imafafanizidwa yonse. Mukasokoneza, nkuuza makina kuti yakale ndiyo yolandira, ndiye kuti kaundula wa zaka zambiri wapita, ndipo kumbweza nkovuta ndithu. Pa Chingerezi yakaleyo alemba Source, yolandirayo alemba Destination kapena Target. Lembani mau amenewa papepala musanayambe.

Pali misampha iwiri imene imakanganitsa anthu pachabe. Woyamba ndi wa mawerengedwe. Windows iyamba kuwerenga madisiki pa 0, chotero disiki yoyamba ndi Disk 0, yachiwiri ndi Disk 1. Wolangiza akati "yoyamba," inu mukhoza kuloza Disk 1, ndipo mwalakwa kale. Pulogalamu yaulere ya Clonezilla, imene inapangidwa ku Taiwan, imatchula madisiki ndi zilembo monga sda ndi sdb. Msampha wachiwiri ndi wa kukula. Disiki yolembedwa 500 GB pabokosi, Windows ionetsa 465 GB, pakuti opanga amawerenga ndi 1,000 pamene makina amawerenga ndi 1,024. Musati wogulitsa wakuberani, ndiponso musati mwalozera disiki yolakwika.

Tsono inu wothandizidwa, sungani malangizo awa. Choyamba, koperani makalata ofunika koposa pa fulashi, nimuiike kutali musanakhudze china chilichonse. Chachiwiri, jambulani chithunzi cha zimene zaoneka pa kompyuta, nimuchitumize pa WhatsApp; chithunzi chimodzi chiposa kulongosola kwa ola lathunthu. Ngati mulibe foni yojambula, werengani mau onse monga alembedwera, chilembo ndi chilembo, osafupikitsa. Chachitatu, bwerezani chimene mwauzidwa musanachite, monga achitira mthenga wa mfumu asananyamuke. Chachinai, ngati simunamve nenani poyera. Palibe manyazi kuti mkulu afunse mwana. Akale anati safunsa anadya phula. Clonezilla imafunsa kawiri isanayambe kufafaniza, ndipo pamenepo ndi poyenera kuima ndi kutumiza chithunzi china.

Inunso anyamata ndi atsikana othandiza, kumbukirani kuti wamkulu amene mukulankhula nayeyo adziwa kulamula mlandu ndi kusankha fodya, zimene inu simudziwa. Mpatseni langizo limodzi pa nthawi imodzi. Musanene kuti, "Nzosavuta izi, bambo," pakuti mau otere amtseka pakamwa, ndipo adzayamba kubisa zimene walakwa. Tchulani disiki ndi dzina la opanga ndi kukula kwake, osati "ija." Onaninso kuti yatsopano isachepe poyerekeza ndi yakale.

Magetsi a ESCOM akhoza kuzima nchito ili pakati, chotero dzazani batire musanayambe. Mukamaliza musafulumire kufafaniza kapena kugulitsa disiki yakale. Isungeni milungu ingapo kufikira mutaona kuti zonse zikutseguka bwino m'yatsopano.

Mau otsiriza ndi anu, mafumu ndi alembi a makalabu. Chiyambire kalembera wa zitupa za unzika wa 2017, makaundula ambiri ali ndi manambala a zitupa za anthu anu, ndipo m'chaka cha 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu zotere. Chifukwa chake wothandiza akhale munthu womdziwa. Wachilendo akapempha kulowa m'kompyuta yanu ali kutali, kapena akafunsa nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, mkanizeni, pakuti nchito yokopera disiki siifuna zimenezo.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Tsalani bwino nonse.