Chenjezo likalira pafoni, litsegule khomo loyenera

Izi zinalankhulidwa pa msonkhano wa kalabu yathu, kwa achinyamata omwe akuphunzira kupanga ma app a Android.

Anzanga, ife a ku Phalombe madzi timawadziwa. Makolo amakambabe za napolo wa mu 1991, ndipo tonse tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Nkhulambe mu Marichi 2023. Ndiye tikamapanga app yochenjeza za madzi osefukira, tidzifunse: mayi akadina uthenga womwe walira pafoni, chitseguke n'chiyani? Akayamba kusakasaka, madzi sadikira.

Chomwe chimatsegula tsamba pa Android ndi intent, ndipo zilipo ziwiri. Explicit intent ili ngati kutuma mwana kuti, "Kapereke kalatayi kwa a uje." Implicit intent ili ngati kuima pamsika wa Migowi n'kukuwa kuti, "Wakabaza!" Dzina simunatchule, koma wogwira ntchitoyo abwera.

Mukalemba ACTION_DIAL ndi nambala yoyamba ndi tel:, foni imatsegula poimbira, nambala ya komiti ya za ngozi m'mudzi italembedwa kale. Mayi angodina. Mukalemba ACTION_VIEW ndi geo:, imatsegula mapu oonetsa sukulu yothawirako.

Koma nthawi imene uthenga ukudinidwa, app yanu imatha kukhala itatsekedwa. N'chifukwa chake intent timaikulunga mu PendingIntent, ngati kusiyira foni kalata yosaina kuti idzagwire ntchito m'malo mwanu.

Samalani zinthu zinayi. Kuyambira Android 12, PendingIntent imafuna munene ngati ingasinthidwe kapena ayi, ikani FLAG_IMMUTABLE. Kuyambira Android 13, pemphani chilolezo cha POST_NOTIFICATIONS, apo ayi uthenga suoneka n'komwe. Chachitatu, ngati tsambalo ndi la app yanu yomwe, litchuleni dzina. Kukuwa pamsika aliyense amamva, ndipo app yachinyengo itha kuyankha. Chachinayi, foni ikakhala yopanda app ya mapu, geo: satsegula kanthu. Choncho dzina la malo othawirako lilembedwe mu uthenga momwemo.

Ntchito ya sabata ino nayi: aliyense apange uthenga wokhala ndi mabatani awiri, "Imbani" ndi "Kothawira". Mukauyese pafoni ya agogo, osati panu pokha. Agogo akafika poimbira osakufunsani, mwakhoza.

Mvula isanagwe, tikhale titamaliza.