Timadamu ta m'mafamu ndi ife okhala kumunsi kwake

A khansala, abusa ndi mashehe, atsogoleri a mabungwe a maliro amene mwaitanitsa msonkhano uno, amayi ndi abambo a kuno ku Pfupajena, ndi inu mwachokera kumafamu a ku Selous, Chakari ndi Kadoma, ndakulonjerani nonse. Mwandikhazika pampando wapamwamba, koma nkhani mwandipatsayi ndi ya dothi ndi matope, ndiye mundilole ndiyankhule mosapsatira.

Tikati damu, ambiri maganizo amathamangira ku Kariba kapena ku Claw Dam ya ku Kadoma. Amenewo ali ndi mainjiniya owayang'anira. Ine ndikunena timadamu ta dothi ta m'mafamu ndi m'migodi, tina mwa ito tomwe agogo athu ochokera ku Dedza, Ntcheu ndi Mangochi anaunjika ndi manja awo tauni ino ya Chegutu ikutchedwabe Hartley. Chiyambire kugawidwa kwa minda mu 2000, damu limodzi limatha kukhala pakati pa alimi asanu. Pampu aliyense ali nayo yake, koma mukafunsa amene amasamalira khoma, amangolozana zala. Pamene komboni, madimba ndi njira ya ana a sukulu zili kumunsi kwenikweni.

Sitikufunika kupita kutali kuti tione mapeto ake. Usiku wa pa 12 February 2019, mvula yamphamvu itagwa, madzi analowa m'migodi ya Cricket ndi Silver Moon ku Battlefields anthu ali pansi, ndipo malipoti anati khoma la damu lapafupi linali litagumuka. Otuluka amoyo anali 8, mitembo yotulutsidwa m'masiku oyambawo inali 24. Mu 2017, chaka cha namondwe Dineo, boma linalengeza kuti madamu 70 anaphulika m'dziko muno. Mu March 2025 damu la pafamu ya Bandama ku Chipinge linakokolola ana. Ku Solai, m'dziko la Kenya, damu la dothi la pafamu ya munthu linapha anthu 48 usiku umodzi mu May 2018, ndipo ambiri anali osauka okhala kumunsi ngati ife.

Amayi ndi abambo, damu la dothi siligwa modzidzimutsa ayi. Limachenjeza, koma limachenjeza amene amapitako kukaona. Khoma lililonse la dothi limadontha pang'ono, ndipo mukaona timadzi toyera tikusisitika m'munsi mwake musathamange nato mtima. Koma madziwo akayamba kutuluka ofiira, kapena akamasiya kamchenga pamene akutumphukirapo, dziwani kuti akudya khoma kuchokera m'kati. Kabowo kolowa chala m'mawa kakhoza kulowa ng'ombe pofika madzulo. Pamenepo si pokambirana za yemwe ali ndi udindo. Nyamulani ana ndi okalamba, mukwere kumtunda, osati kutsata mtsinje.

Chimatsegulira madzi njira n'chiyani? Mitengo. Msangu kapena bulugamu womera pakhoma umaoneka ngati ukugwira dothi, pamene mizu yake ikulowerera mpaka kumadzi. Mtengo ukauma, mizu imawola n'kusiya mipita. Pakhoma pamafunika kapinga basi. China ndi chiswe: chulu chimene mukuchiona pamwamba ndi chipewa chabe, mapanga ali m'kati. Kenaka ng'ombe zodutsa malo amodzi tsiku ndi tsiku mpaka kukumba kanjira kotsika, ndipo madzi akadzadza amadzayambira pomwepo. Za anyamata athu okumba golide m'mphepete mwa khoma sinditalikitsa, makolo awo muli pompano.

Koma chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi ngalande yotayira madzi, ija ili pambali pa khoma. Chaka cha chilala mwini damu amaona madzi akutayika, mtima n'kumuwawa, ndiye amasanjapo matumba a mchenga kapena njerwa kuti asunge ochulukirapo othirira tirigu kapena fodya. Wina amalimamo chimanga chifukwa m'monyowa. Ndikumvetsa, madzi ndi ndalama. Koma ngalandeyo ikatsekeka, madzi amakwera n'kudutsa pamwamba pa khoma, ndipo dothi silipirira madzi oyenda pamwamba pake. Amayamba kukukuta kumbuyo kwa khomalo, mpata n'kumakula mofulumira, damu lonse n'kukhuthukira m'chigwa nthawi imodzi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Khwawa limenelo mwina ndi pamene inu munamanga khitchini zaka zimene kunalibe mvula.

Ndikudziwa chimene ena mukunena chamumtima: ife ndife antchito, ena mpaka lero zitupa zikuvuta, tingakamuuze bwanji mwini famu za damu lake? Damulo ndi lakedi, koma lamulo la madzi la 1998 silinamusiye yekha. Madzi a dziko lino ali m'manja mwa boma, kuli bungwe la madzi la ZINWA, kuli makhonsolo oyang'anira mitsinje, ndipo ife a mbali ya mtsinje wa Mupfure tili pansi pa khonsolo ya Sanyati. Kuofesi ya boma kuno ku Chegutu kulinso komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kukanena kuti khoma lang'ambika si kuneneza munthu, ndipo eni madamu amene mwabwera muno musakutenge ngati chipongwe. Wantchito amene amadutsa pakhoma m'bandakucha popita kumunda ndiye amaona zimene inu simungaone muli m'galimoto.

Pempho langa kwa mabungwe a maliro ndi ili. Muli ndi mabuku a maina, muli ndi magulu a pa WhatsApp, ndipo uthenga wa maliro mumaufikitsa ku Chakari ola lisanathe. Sankhani anthu awiri pafamu iliyonse yokhala ndi damu, mmodzi akhale mayi chifukwa amayi ndiwo amachapa ndi kutunga kumeneko. Ayende khoma lonse mvula isanalimbe, ayendenso ikagwa yamphamvu, ajambule ndi foni chilichonse chachilendo. Mugwirizanenso malo okwera othawirako, ndi amene adzaimbe chitsulo cha pakomboni usiku, komanso amene adzanyamule agogo osatha kuyenda.

A wapampando, ndaona alembi akonzeka kale ndi mabuku awo. Tiyambe ndi a ku Selous, atiuze madamu amene ali kumtunda kwa nyumba zawo. Msonkhano uno ndautsegula.