Ulendo wa Matola Pamseu wa Kum'mawa

Munthu akaima pa Chongwe, mtunda wa makilomita 45 kum'mawa kwa Lusaka, saleka kuona anthu ali ciriri m'mbali mwa mseu, mitolo ili pansi, dzanja lili m'mwamba kuimika malole. Ena angofuna kukafika ku Chipata. Koma alipo ena amene mtima wao uli ku Joni, ndipo ayenera kupyola Chirundu, Harare ndi Beitbridge, kutsika lole iyi ndi kukwera inzace.

Ulendo wotere suli cinthu catsopano ai. Clements Kadalie, mwana wa sukulu ya Livingstonia, anacoka ku Nyasaland m'caka ca 1915. Anagwira nchito m'dziko la Apwitikizi ndi m'migodi ya Southern Rhodesia, nafika ku Cape Town mu 1918. Caka cotsatira anayambitsa cigwirizano ca anchito cochedwa I.C.U. Machona ambiri a kum'mawa anali kutsika ndi Luangwa kukaoloka Zambezi pa Feira. M'zaka za m'ma 1930 Boma la Southern Rhodesia linaika malole onyamula anthu popanda malipiro, ndipo anthu anawacha Ulere.

Anthu akalewo anasauka ndi njala, malungo ndi zirombo za m'thengo. Komabe anali nao mwambo umene unawapulumutsa kawirikawiri. Anali kuyenda m'magulu a anthu odziwana, motsogozedwa ndi mkulu wodziwa madooko ndi midzi yogonamo. Wina akafera panjira, anzace anali kumuika, natumiza mau kwao. Kuyenda awiri si mantha.

Masiku ano pauka anthu ocita malonda ndi aulendo. Iwo alandira ndarama zambiri, nabisa anthu opanda mapasipoti m'kati mwa malole otsekedwa, kuti asaoneke pamalire. Pa 11 December 2022, ku Ngwerere m'dera la Chongwe, kunapezedwa mitembo 27 itatayidwa m'mbali mwa mseu, ndi munthu mmodzi akali kupuma. Apolisi anati anthuwo aoneka kuti anali a ku Ethiopia. Miyezi iwiri izi zisanacitike, manda a anthu oposa 25 otere anapezedwa m'nkhalango ya ku Mzimba, m'Malawi. Anthu amenewa anapyola maiko angapo, koma pakufa panalibe wowachula dzina, ngakhale wokauza amai ao.

Kupempha matola sikulakwa, pakuti madalaivala ambiri ali anthu acifundo, ndipo mtengo wa basi uposa thumba la mmphawi. Coopsa ndico kuyenda mobisika. Wa paulendo akhale ndi pasipoti yace m'thumba la iye mwini, osaipereka kwa munthu wina. Aoloke malire pa cipata ca Boma, pa Mwami kapena pa Chirundu, kuti cidindo cimcitire umboni. Akhale kutsogolo pamodzi ndi dalaivala, nakane kulowa m'mbuyo mokhomedwa kunja. Asanakwere aŵerenge nambala ya lole, naitumize kwa mbale wace pa foni, ndipo atero pa lole iri yonse kufikira atafika.

Amigodi ndi a m'matauni ali ndi mbali yao pa nkhaniyi, popeza ndiwo aitana abale ndi kuwatumizira ndarama za ulendo. Woitana mphwace afunsitse kuti adzera njira iti, ndipo amtenga ndani. Akulu anati safunsa anadya phula.