Mau kwa makolo a m'misika pa nyengo ya mayeso

Amai ndi atate, zikomo pondilandira pano pa Mtenguleni. Moni apitenso kwa inu a ku Kapata ndi ku Saturday Market amene muwerenga pa foni.

Lero sindinabwere ndi za mavoti iyai. Ana athu a Giredi 12 ali pafupi kulemba mayeso a ECZ, ndipo ambiri ali ndi mantha. Aphunzira m'makalasi odzaza, usiku awerengera pa kandulo malaiti akapita. Izo tidzafunsa boma. Koma mau a pa nyumba ndi anu.

Musamuuze mwana kuti “udzafeluka monga mkulu wako.” Mau otere amalowa naye m'cipinda ca mayeso. Muuzeni kuti, “Wawerenga mwanawe, pita ukalembe zimene udziwa.”

Masabata ano mupumuzeni pa thebulo la malonda. Ndidziwa kuti dzanja lake lithandiza, koma tomato ndi repu mungagulitsenso mawa, pamene pepala la masamu likapita lapita. Agone msanga, m'mawa amweko phala.

Wina akabwera ati ali ndi likeji, musatulutse ngwee. Kumugulira mwana likeji ndi kumuuza kuti mutu wake ulibe nchito. Kumbukirani 2018: mapepala ataululika, boma linaimitsa mayeso dziko lonse, osalakwa nawonso anavutika.

Zikakanga caka cino, GCE ilipo, adzalembanso. Muuziretu zimenezi manje, asanalowe m'mayeso, kuti mtima ukhale pansi.

Pa Nc'wala mu Febuluwale tidzakumane pano, mudzandiuze mmene anakhozera.