Bokosi la Sipika Likhale Cete

Lero ndikamba ndi inu amene mukhoma nokha mabokosi a sipika.

Mmisiri wosema ng'oma afuna kuti mtengo ulire pamodzi ndi cikopa. Wokhoma bokosi la sipika afuna zina: cilire cipepala ca sipika cokha, matabwa akhale cete. Cipepalaco pogwedezeka cikankha mpweya kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo nchito ya bokosi ndiyo kutsekera mau a kumbuyowo, kuti angakomane ndi a kutsogolo ndi kufafaniza mau akulu a besi. Koma thabwa likapyapyala, nalonso liyamba kunthunthumira, ndipo woimba amveka monga ali m'mgolo.

Gogodani mbali zonse ndi cala. Pamene palira monga ng'oma, ndipo pali nthenda. Mankhwala ace oyamba ndiwo thabwa locindikala, monga pulayiwudi ya mamilimita 18. Aciwiri ndiwo mitanda ya m'kati yolumikiza mbali ziwiri zopenyana. Imangeni ndi guluu ndi masikuluu, pakuti misomali yokha ikhwefuka. Mtanda musauike pakati peni-peni pa thabwa, cifukwa zigawo ziwiri zolingana zidzalira liu limodzi.

Mpweya wa m'kati nawonso uli ndi liu lace. Mau ayenda mamita 343 pa sekondi. Cotero mbali ziwiri zotalikirana masentimita 50 zikuza liu logwedezeka ka343 pa sekondi. Bokosi lolingana m'litali, m'mimba ndi msinkhu likuza liu lomwelo katatu, siyanitsani miyezoyo. Yalani m'katimo thonje kapena bulangeti lakale. Koma apa ambiri asokera: thonje limeza mau a mpweya, silitontholetsa thabwa ai.

Ilipo njira ina yokoma. M'zaka za m'ma 1950, Gilbert Briggs wa kampani ya Wharfedale ku England anali kupanga mbali za matabwa awiri, nathira mcenga wouma pakati pace. Mcenga ulemera, ndipo timiyala tace pokhudzana timeza kunthunthumira kwa thabwa.

Tsono mverani bwino, anzanga. Mgodi wa Broken Hill unayamba nchito m'1906, nutsekedwa m'1994, koma mtovu unatsala m'milu ya zotaya ndi m'dothi la makomboni oyandikana nawo. Musatape mcenga pa miluyo, ngakhale pabwalo panu. Bokosi ligwedezeka tsiku lonse, fumbi lituluka pa kamng'alu kali konse, ndipo mtovu uononga ubongo wa ana okwawa pansi. Tengani mcenga wa kumtsinje kutali ndi mgodi, muutsuke, muuyanike kufikira utaumitsitsa, ndipo mutathira mumate mipata yonse ndi guluu.