Za Madzi a m'Chigwa Chathu, Kale ndi Lero: Mau Onenedwa pa Msonkhano wa Pachaka

Komiti inandipempha kuti ndinenepo za madzi osefukira, poona kuti ndine mmodzi wa okalamba otsala, ndipo ndavomera ngakhale sindinaphunzire za mitsinje m'sukulu. Chimene ndili nacho ndi maso amene apenya Shire zaka zoposa 70, ndi makutu amene anamva zonena atate anga.

Atate ankati pa ubwana wao Shire anali wofooka. Kuyambira cha m'ma 1915 nyanja inatsika kwambiri, mchenga ndi bango zinatseka njira ya mtsinje kumtunda kuja, kotero kuti madzi otifika kuno anali makamaka a Ruo ndi a mitsinje ya m'mapiri. Anthu analowa m'madambo nalima madimba akulu, ndi thonje lomwe. Koma nyanja inadzadzanso, ndipo pakati pa 1935 ndi 1937 madzi anaboola natsika ndi mphamvu. Madimba aja anamira, si sabata limodzi ai, koma zaka zambiri. Mabanja ambiri a ku Port Herald, kumene lero tikuti Nsanje, anakwera ku mphala, ndipo amuna ena anapita kukafuna ntchito ku Halale. M'chaka cha 1948 madzi anakokolola mlatho wa njanji pa Chiromo, sitima niileka kuoloka kufikira anamanga wina. Tsono munthu asatinamize kuti chigumula ndi mlendo wa dzulo m'chigwa muno.

Komatu madzi amene ndinawaona ine ndili mnyamata anali ndi ulemu wake. Anali kubwera ngati mkamwini, pang'onopang'ono, namveka asanafike. Amai akaona kuti mtsinje wafiira, zinyalala zikuyandama, ndi nyerere zikukwera m'zipupa, anali kudziwa kuti kwatsala masiku awiri kapena atatu. Mapira ndi mchewere tinali kuziika pa tsanja lalitali, mbuzi tinali kuzikusira ku chulu, bwato lili chimangire pa mtengo wa pakhomo. Ndipo madzi akaphwa anali kutisiyira matope akuda onona, m'mene tinali kubzala chimanga, mbatata, maungu ndi nyemba mwezi wa April kapena May, ndi kukolola popanda kugula feteleza ngakhale thumba limodzi. Chaka cha njala amai anali kulowa m'dambo kukazula nyika. Kunena zoona, munthu wa kuno anali ndi malo awiri, mphala ndi dimba, ndipo madzi akamlanda amodzi anali kutsamira pa ena.

Za lero mukuzidziwa, pakuti ambiri mwa inu munagona m'makalasi a sukulu ndi m'matenti. Mu 1997 madzi anadula njanji ndi mseu pakati pa Bangula ndi Makhanga, abale athu a kwa Mlolo nayamba kuoloka pa Mtayamoyo ndi mabwato, ndipo dzina la malowo likunena lokha. Mu January 2015 Boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa tsoka. Anthu 106 anafa, 172 anasowa, ndipo pafupifupi 230,000 anathawa m'nyumba zao. Chaka chimenecho Ruo anasiya njira yake yakale nadzera m'midzi. Ine ndinadzutsidwa usiku ndi kulira kwa mbuzi, ndipo poponda pansi madzi anali kale m'maondo. Ndinakhala masiku awiri mumtengo pamodzi ndi mdzukulu wanga, nditammangirira ku nthambi ndi chitenje cha agogo ake. Ndisapitirire pamenepo. Anabweranso madzi mu March 2019, kenaka Ana mu January 2022, amene anaononga damu la magetsi pa Kapichira nadula mseu waukulu wa ku Blantyre, kenakanso Freddy mu March 2023.

Kodi chasintha nchiani? Anzeru za nyengo akuti anamondwe ochokera ku nyanja ya mchere akubwera ndi mvula yochuluka kuposa kale, ndipo sindikutsutsa. Koma china tikuchiona ndi maso. Mapiri amene akutiyang'ana kuchokera ku Thyolo, ku Mwanza ndi ku Chididi ameteka; mitengo inapita m'matumba a makala, ndipo ena a matumbawo tinagula ndife amene tili m'chipinda muno. Mvula ikagwa pamwamba palibe choigwira, itsika tsiku lomwelo ndi mchenga ndi miyala. Pitani mukaone mtsinje wa Mwanza m'chilimwe: mchenga wadzaza kufikira m'milomo, kotero kuti madzi akadza alibe pokhala koma m'midzi. Ena amafunsa kuti nanga chotchinga madzi chimene anamaliza pa Liwonde mu 1965 chikuchita chiani. Chimenecho chimayang'anira madzi a m'nyanja okha. Ruo, Mwanza, Thangadzi ndi Lalanje amalowa m'Shire kunsi kwake, ndipo palibe chipata chowaletsa. Choipa koposa nchakuti madzi a lero, m'malo mwa matope onona, kawirikawiri akusiya mchenga pa dimba, wakuya kwakuti khasu silipeza nthaka.

Tsono ndifike pa nkhani imene yatigawanitsa, ya kusamuka. Anzathu a m'tauni amati anthu a m'chigwa sakumva, amakonda kulandira ufa ndi mabulangete. Mau amenewa amandiwawa, pakuti sindinaonepo mai wotaya mwana chifukwa cha bulangete. Munthu wa kwa Nyachikadza akakana kuchoka, akuwerengera dimba limene limamdyetsa mvula ikakana, nsomba za m'dambo, ndi manda a makolo ake. Ine ndemwe ndinasonyezedwa malo pa mtunda madzi a 2015 atapita: panali miyala, panalibe mjigo, ndipo kukafika ku dimba kunali ulendo wa maola atatu. Ndinabwerera, ndipo sindichita manyazi kunena.

Komabe, abale anga, ndiyenera kunenanso mbali yachiwiri, ngakhale ena mundikwiyire. Nzeru ya tsanja ndi chulu inali ya madzi obwera masana ndi ulemu; madzi a usiku saidziwa. Ine lero ndikuti ana ndi nkhalamba asagonenso kunsi kuyambira December kufikira March. Makolo athu sanasankhe pakati pa mphala ndi dimba, anasunga zonse ziwiri, ndipo ndicho tiyenera kupempha: nyumba kumtunda, munda kunsi, ndi kalata ya mfumu yotsimikiza kuti wokwera kumtunda sadzalandidwa dimba lake. Ambiri akukana kusamuka chifukwa cha mantha amenewo basi.

Chifukwa chake ndikupempha a Mlembi alembe zinthu izi m'buku, kuti Komiti ikazitule kwa mafumu ndi kwa Bwanamkubwa wa boma lililonse mwa awiriwa: kuti malo atsopano akhale kufupi ndi madimba, kuti mjigo ukumbidwe anthu asanafike, ndi kuti mudzi uliwonse wa m'mphepete ukhale ndi bwato lalikulu ndi munthu wosunga lamya usiku. Ndikupemphanso kuti yankho lake timve mwezi wa October usanathe, mvula isanayambe.